Mapulani Alipo, Ndalama Zili M'njira: Mbiri ya Thandizo la Kusintha kwa Nyengo

Mu Malichi 1991, mvula itagwa masiku angapo osakata, madzi osakanikirana ndi matope, miyala ndi mitengo anatsika m'phiri la Michesi n'kusesa midzi ya ku Phalombe. Anthu mazanamazana anafa, ena mitembo yawo osapezeka. Akuluakulu anati wadutsa ndi Napolo, yemwe uja anagwedeza Zomba mu 1946. Mawu oti kusintha kwa nyengo anali asanafike m'kamwa mwa anthu. Chimene boma linachita ndi kukhazikitsa lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo lamulolo linagwira ntchito mpaka 2023.

Chaka chomwecho, kutali ndi kuno, nthumwi za Vanuatu, kadziko ka zilumba m'nyanja ya Pacific, zinatula ganizo pamkumano wa mayiko. Zinati popeza nyanja ikukwera chifukwa cha utsi wa mafakitale ndi magalimoto a mayiko olemera, mayikowo asonkhe ndalama m'thumba limodzi, zodzapepesera omwe minda ndi nyumba zawo zidzamire. Olemerawo anangoti tamva, nkhani n'kuthera pomwepo. Thumba lofanana ndi limenelo linadzavomerezedwa mu 2022, patatha zaka 31. Mwana amene anabadwa sabata ya Napolo wa ku Phalombe anali atabereka ake, ena ali kale kupulayimale. Umu ndi mmene nthawi imayendera pa nkhani ya ndalama za nyengo, ndipo ndi bwino kuzoloweratu.

Pangano loyamba la mayiko onse pa nkhani ya nyengo linasainidwa ku Rio de Janeiro, m'dziko la Brazil, mu Juni 1992. Kuno chinali chaka cha chilala choopsa, chomwe ambiri amachikumbukira ndi nsima ya chimanga chachikasu, komanso chaka cha kalata ya maepiskopi. Maso a Amalawi anali pa ndale, osati pa Brazil. Komabe Malawi anasaina, n'kudzavomereza panganolo mu 1994. Mfundo yake yaikulu ngakhale nyakwawa ingaimve msanga: tonse tili ndi udindo, koma udindowo sufanana, pakuti amene anaononga kwambiri ndiye asenze katundu wolemera. Kumudzi ng'ombe zikadya chimanga cha mnzako, mwini ng'ombe amalipa. Ndipo za eni ng'ombe panalibe kukayika. Mmalawi mmodzi amatulutsa mpweya wa kaboni wokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a tani pachaka, pamene mnzake wa ku America amatulutsa matani pafupifupi 14. Africa yonse, ndi anthu ake onse, sifika magawo 4 pa 100 alionse a utsi wa dziko lonse lapansi.

Koma olemba panganolo anasamala kwambiri kuti mawu oti kulipa asalowemo. Analemba zoti mayiko olemera adzathandiza. Kusiyana kwa mawu awiriwa ndiye phata la mbiri yonseyi. Wolipa mlandu sasankha tsiku lobweretsa mbuzi, ndipo safunsa wolakwiridwayo kuti mbuziyo achita nayo chiyani. Wothandiza amasankha yekha tsiku, amasankha yekha kuchuluka kwake, amatha kusintha maganizo, ndipo pomaliza amafuna malisiti.

Zaka zoyambirira, ndalama zochepa zomwe zinalipo zinkadzera ku thumba la Global Environment Facility, lomwe linakhazikitsidwa mu 1991 ndipo likulu lake lili ku Washington. Zambiri zinkapita ku ntchito yochepetsa utsi. Pangano la ku Kyoto la 1997 nalonso mtima wake unali pomwepo. Nthawi imeneyo panali ngakhale omenyera chilengedwe ena amene ankati kukamba zokonzekera kukhala ndi nyengo yosinthayo n'kugonja, chifukwa kukanapatsa oononga mpata woti apitirize. Mlimi wa ku Ngabu, yemwe analibe utsi woti achepetse, sanali m'maganizo mwa aliyense.

Zinthu zinatembenuka ku Marrakech, m'dziko la Morocco, mu Novembala 2001. Kumeneko mayiko anagwirizana zotsegula matumba atatu: limodzi la mayiko osaukitsitsa, lotchedwa Least Developed Countries Fund, lina la Special Climate Change Fund, ndi lachitatu la Adaptation Fund. Miyezi yomweyo kuno kunali njala ija. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, anthu ankagona pamizere ya ku Admarc, ena akudya gaga ndi zikhawo za nthochi, ndipo mu Febuluwale 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi.

Chimene mayiko osaukitsitsa anatenga ku Marrakech chinali ichi: aliyense alembe ndondomeko ya zinthu zofunika mwachangu, zomwe zikachedwa zidzaphetsa anthu kapena kudzadula koposa. Ndondomekoyo anaitcha NAPA, ndipo dziko lililonse linkapatsidwa ndalama zofika pa $200,000 zoti lilembere. Ganizolo linali labwino, tisanamizane. Malamulo ake ankati olemba asangokhala mu ofesi, apite kwa anthu akafunse. Mauritania inali yoyamba kumaliza, mu 2004. Malawi anapereka yake mu Malichi 2006.

Mukaiwerenga lero NAPA yathuyo mumachita tsemwe, chifukwa inatchula zonse zimene zinadzachitika. Inali ndi ntchito zisanu: kulimbikitsa njira zopezera zofunika pamoyo m'midzi, kubwezeretsa nkhalango m'chigwa cha Shire kuti matope asamadzaze mtsinje ndi kusokoneza magetsi, kukonza ulimi kuti uzigwirizana ndi mvula yanjomba, kukonzekera chilala ndi madzi osefukira, ndi kukonza zida za a zanyengo kuti chenjezo lizifika msanga. Zonse pamodzi zinkafuna ndalama zopitirira pang'ono $22 miliyoni. Imeneyi si ndalama yoti dziko lapansi likadabwe nayo. Matimu a mpira a ku Ulaya amagula wosewera mmodzi ndi yoposa pamenepa.

Ndalamayo sinabwere monga ankayembekezera. Thumba la osaukitsitsa linkadalira chifundo: wofuna aponyamo, wosafuna palibe womufunsa. Pofika 2009 malonjezo onse a m'thumbamo anali asanakwane $200 miliyoni, pamene mayiko oposa 40 anali pamzere ndi mapepala awo m'manja. Ntchito yoyamba yochokera mu NAPA ya Malawi, yotchedwa CARLA, inadzera ku African Development Bank ndi ndalama pafupifupi $3 miliyoni, ndipo inafika m'midzi ina ya ku Karonga, Dedza ndi Chikwawa cha m'ma 2012. Zaka zisanu ndi chimodzi pa zinthu zomwe pepala lomwe linazitcha zachangu! Mitengo ya m'chigwa cha Shire sinadikire. Inapitirira kulowa m'matumba a makala.

Adaptation Fund inali ndi kachinthu kena kosangalatsa. Ndalama zake sizinkachokera ku chifundo, koma ku msonkho wa magawo 2 pa 100 pa malonda a kaboni omwe pangano la ku Kyoto linayambitsa. Inalolanso kuti bungwe la m'dziko momwemo lizilandira ndalama mwachindunji, osadzera kwa mkhalapakati, ndipo la ku Senegal ndilo linayamba, mu 2010, ndi ntchito yoteteza magombe omwe nyanja inkadya. Koma mu 2012 mtengo wa kaboniyo unagwa mpaka kutsika pa dola imodzi, thumbalo n'kubwerera kopemphetsa monga anzake.

Kenako kunabwera msonkhano wa ku Copenhagen, mu Disembala 2009. Msonkhanowo unathera m'mikangano, koma unasiya nambala yomwe inalamulira zokambirana kwa zaka zoposa khumi: mayiko olemera analonjeza $30 biliyoni pakati pa 2010 ndi 2012, kenako $100 biliyoni chaka chilichonse pofika 2020. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Malinga ndi bungwe la OECD, lomwe ambiri mwa mayiko ake ndi olemera, mu 2020 zinakwana $83.3 biliyoni, ndipo lonjezolo linakwaniritsidwa mu 2022 ndi $115.9 biliyoni. Ngakhale pamenepo pali nkhani. Pa ndalama zochokera ku maboma ndi mabanki awo, pafupifupi magawo 7 pa 10 zinali ngongole, ndipo gawo lalikulu linapita ku magetsi ndi mayendedwe m'mayiko omwe ali ndi chuma chapakati, kumene ndalama imabala. Dambo loti madzi azitayikiramo silibweza phindu kwa wobwereketsa. N'zoona kuti mayiko osaukitsitsa amalandirako mphatso zochuluka kuyerekeza ndi anzawo, koma ngongole siwaphonya. Namondwe wa Idai atagumula mzinda wa Beira mu Malichi 2019, thandizo lachangu lomwe Mozambique inalandira ku IMF linali ngongole ya $118 miliyoni. Yopanda chiwongoladzanja, inde, koma ngongole ndithu: mwini munda kukongola ndalama yokonzera pomwe ng'ombe za wina zadya.

Ku Cancún, m'dziko la Mexico, mu 2010, kunabadwa zinthu ziwiri. Choyamba chinali thumba lalikulu kuposa onse, Green Climate Fund, lomwe likulu lake linadzamangidwa ku Songdo, ku South Korea. Chachiwiri chinali mtundu watsopano wa ndondomeko. Anati NAPA inkangoona zapafupi, tsono pafunika ina yoona patali, yolowa m'bajeti ndi m'mapulani a unduna uliwonse. Iyi anaitcha NAP. Kusiyana kwa mayina awiriwa ndi chilembo chimodzi, ndipo ndamvapo akuluakulu a boma enieni akuwasokoneza. Mayiko anayamba kulemba pepala lachiwiri loyambalo lisanalipiridwe. Malawi anayamba ntchitoyi mu 2014, Burkina Faso inapereka yake mu 2015. Mu 2016 Green Climate Fund inagamula kuti dziko lililonse likhoza kutapa mpaka $3 miliyoni yolembera NAP, ndipo Malawi anavomerezedwa mu 2019 kulandira pafupifupi $2.8 miliyoni kudzera ku nthambi ya United Nations yoona zachilengedwe. Taonani mmene mtengo wa pepala unakwerera: kuchoka pa $200,000 kufika pafupifupi $3 miliyoni.

Palinso pepala lachitatu. Mu 2008 mabanki akuluakulu a chitukuko, motsogozedwa ndi World Bank, anayambitsa pologalamu yoyesera yotchedwa PPCR. Mu Africa anasankha Zambia, Mozambique ndi Niger, ndipo awa analandiradi ndalama zogwirira ntchito. Ku Zambia zina zinakonzera ngalande zakale za m'chigwa cha Barotse. Mu 2015 anaitana mayiko ena 10, Malawi ali momwemo, n'kupatsa lililonse $1.5 miliyoni yolembera pulani. Anawauziratu poyera kuti ndalama zogwirira ntchitoyo m'thumbamo mulibe, akamaliza kulemba akafune kwina. Malawi analemba, namaliza mu 2017. Zili ngati munthu kukugulira mapulani a nyumba ya malata, n'kukuuza kuti za njerwa ndi simenti uone wekha.

Sindikunena kuti palibe chomwe chinaphulidwa. Mu Novembala 2015 akuluakulu a Green Climate Fund anakumana ku Livingstone, m'dziko la Zambia, n'kuvomereza ntchito zawo zoyamba zisanu ndi zitatu. Imodzi inali ya Malawi, yotchedwa M-CLIMES, ya $12.3 miliyoni kudzera ku UNDP. Chaka chimenecho chinali chitayamba ndi madzi osefukira a mu Januwale, omwe anapha anthu oposa 100, kusowetsa pokhala anthu pafupifupi 230,000 ndi kusandutsa Makhanga chilumba chofikako pa helikopita kapena bwato. Ntchitoyi inagula makina odziyezera okha nyengo, zida zoyezera madzi m'mitsinje, ndi zoyandama pa nyanja ya Malawi zoyeza mphepo ndi mafunde. Asodzi anayamba kulandira uthenga wa mwera pafoni asanapalase bwato, alangizi anaphunzitsidwa kukhala pansi ndi alimi n'kuona limodzi mbiri ya mvula ya dera lawo asanasankhe mbewu. Izi n'zimene mfundo yachisanu ya NAPA inapempha mu 2006. Zinabwera, ngakhale zinatenga zaka khumi.

Nanga n'chifukwa chiyani ndalama ya pepala imatuluka msanga kuposa ya khasu? China n'chakuti ndi yochepa ndipo siwopsa: lipoti silingakokoloke ndi madzi, ndipo woperekayo ali ndi choti aonetse kwawo. China n'chakuti ndalama yambiri yolembera imabwerera komwe inachokera, m'matumba a akadaulo obwera pa ndege ndi mabungwe amkhalapakati omwe amadulapo yawo. Kuti bungwe la m'dziko livomerezedwe kulandira lokha ku matumba akuluakuluwa, limadutsa m'sefa yomwe imatenga zaka, ndipo kulemba pempho limodzi lokha kumafuna ziwerengero za mvula za zaka makumi angapo, zomwe dziko losauka nthawi zambiri lilibe, chifukwa chomwecho cha umphawi.

Koma tisaloze chala kunja kokha. Mu 2013 ndalama mabiliyoni zinatuluka ku Capital Hill m'mabuti a galimoto, ndipo mayiko omwe ankathandiza bajeti yathu anaimitsa thandizolo. Amene akufuna malisiti ali ndi pogwira, ndipo pogwirapo tinawapatsa ndife. Palinso matenda a alawansi. Ndinakhalapo pa msonkhano wina wa nkhani zomwezi pa hotela ina ya kunyanja. Tsiku loyamba holo inadzaza, tsiku lachitatu, ma envulopu atagawidwa m'mawa, tinatsala owerengeka. Pa anthu onse aja panalibe ndi mmodzi yemwe amene nyumba yake inayamba yalowapo madzi.

Kusafunsa eni nthaka kumeneku kunatipweteka poyera mu 2016. Boma linali litagula inshulansi ya chilala ku African Risk Capacity, bungwe la African Union, pa mtengo wa pafupifupi $4.7 miliyoni. Mvula inakana, anthu oposa 6.5 miliyoni anafunika chakudya, koma kompyuta ya inshulansiyo inati chilala sichinafike poti n'kulipira. Atafufuza anapeza kuti inauzidwa zoti alimi amabzala chimanga chochedwa kucha, pamene ambiri anali atasinthira ku chocha msanga, chomwe ng'amba inachipeza pa nthawi yoipitsitsa. Anakonza, n'kulipira $8.1 miliyoni mu Januwale 2017, njala itadya kale anthu. Funso lomwe likanapulumutsa miyezi yonseyo, mayi aliyense wa ku Balaka akanaliyankha ataimirira pamzere wake.

Kenako anamondwe anabwera motsatizana. Idai mu 2019. Ana mu Januwale 2022, yemwe anagumula damu la Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, dziko n'kukhala mumdima woposa chaka. Ndiyeno Freddy, mu Malichi 2023. Apa a zanyengo sanalakwe: chenjezo linaperekedwa masiku angapo zisanachitike, pawailesi ndi pafoni. Koma munthu wochita lendi m'mphepete mwa phiri la Soche, akamva chenjezo, athawire kuti? Matope anatsikira ku Chilobwe usiku, mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu unafafanizika, ndipo ku Nkhulambe, ku Phalombe komwe kuja, miyala inatsikanso. Omwalira ndi osowa pamodzi anaposa 1,000, ndipo anthu oposa 650,000 anasowa pokhala. Kauniuni wa boma anapeza kuti zoonongeka zinali za ndalama zoposa $500 miliyoni, ndipo kukonzanso kunkafuna $680 miliyoni. Sindinganame kuti $22 miliyoni ya mu 2006 ikanaletsa Freddy. Koma phiri lovala mitengo ndi phiri lometedwa salandira mvula mofanana, ndipo zimenezo zinalembedwa zaka 17 m'mbuyomo.

Ganizo la Vanuatu lija linadzuka pang'onopang'ono. Ku Glasgow mu 2021, Scotland inakhala boma loyamba kuika ndalama pa zotayika ndi zoonongeka, £2 miliyoni. Ndi yochepa, koma inaswa mwiko, pakuti ena onse ankaopa kuti kutero n'kuvomera mlandu. Chifukwa cha ubale wakale uja wochokera kwa David Livingstone ndi amishoni, gawo la ndalama za Scotland linafika kuno. Freddy atadutsa, mabanja oposa 2,000 a ku Nsanje analandira pafupifupi $750 lililonse pafoni, popanda wowauza chochita nayo, ndipo ambiri anamangira nyumba kumtunda. Pa zonse zomwe ndafotokoza muno, iyi ndi yomwe ikufananako ndi mbuzi yolipira mlandu ija. Thumba la mayiko onse la zotayika ndi zoonongeka linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, ndipo ku Dubai mu 2023 malonjezo ake anafika pafupifupi $700 miliyoni. Ndiye kuti thumba la dziko lonse lapansi linkangokwana kukonza zomwe namondwe mmodzi anaononga m'chigawo chimodzi cha Malawi.

Ku Baku, m'dziko la Azerbaijan, mu Novembala 2024, gulu la mayiko osaukitsitsa linkatsogozedwa ndi Mmalawi, a Evans Njewa. Mayiko osauka ankafuna $1.3 thililiyoni pachaka. Zokambirana zitafika povuta, gulu lawolo pamodzi ndi la mayiko a zilumba linatuluka m'chipinda. Pomaliza panagwirizanidwa $300 biliyoni pachaka pofika 2035, ngongole ndi ndalama za makampani zili momwemo. Patangotha miyezi iwiri, Donald Trump anabwerera pampando wa upulezidenti, natulutsanso America m'pangano la nyengo la ku Paris, nafafaniza $4 biliyoni yomwe dzikolo linali lisanapereke ku Green Climate Fund, n'kuphwasula bungwe lawo lothandiza mayiko ena la USAID. Wothandiza uja anasintha maganizo, ndipo panalibe bwalo lomuitanira. Malipoti a United Nations amati mayiko osauka amafunika ndalama zoposa $200 biliyoni pachaka zokonzekera nyengo, pamene zomwe zimafika sizikwana $30 biliyoni.

Ine ndimaona kuti mapepala takwana nawo. Zomwe Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi Karonga akufuna zinalembedwa mu 2006, zinalembedwanso mu 2017, ndipo makhonsolo ali ndi mapulani awoawo m'makabati. Nthumwi zathu zikamapita ku misonkhano ya chaka ndi chaka zipitirize kukakamira kuti iyi ndi ngongole ya olemera kwa ife, osati mphatso. Koma ifenso kuno tili ndi mafunso athu. Inu owerenga, khansala kapena phungu wanu akadzabwera kudzakhazikitsa pulojekiti ina ya nyengo, musathamangire kuomba m'manja. Mufunseni kuti ndalama yonse ndi zingati, yotsala ku Lilongwe ndi zingati, yofika pa mtsinje wanu ndi zingati, ndiponso ngati ili mphatso kapena ngongole yoti adzabweze ana anu.